Kugona kutchire ndi njinga yamoto: poyambira pake ndi katundu woti mutenge

Anzanga okwera njinga zamoto akafuna kuyamba zogona kutchire, funso lawo loyamba limakhala lakuti "ndigule tenti yanji?" Nde ine ndimawauza kuti tenti tiipeza, musathamange, katseguleni kaye buku la njinga yanuyo muone kuti anailola kusenza makilogalamu angati. Pa galimoto umangoponya zinthu kumbuyo n'kumapita, koma pa mthuthuthu kilogalamu iliyonse umaimva m'manja, umaimva pokhota, umaimvanso pomanga mabuleki. Ndiye woyamba kumufunsa ndi njingayo, zogula zibwere pambuyo.

Choyamba, sikelo

M'buku la njinga muli nambala ya katundu yense yemwe ingasenze, ndipo nambala imeneyo ikuphatikiza inuyo, wokwera kumbuyo ngati alipo, mabokosi, zitsulo zomangirapo mabokosiwo, zonse. Ngati buku linatayika yang'anani kachitsulo kapena sitika ya pa felemu, nthawi zambiri imakhala pafupi ndi khosi la chiwongolero, ena amalembapo GVWR, komwe ndi kulemera kwa njinga pamodzi ndi zonse zili pamsana pake. Chotseranipo kulemera kwa njinga ili ndi mafuta odzaza thanki, chotsalacho ndiye chanu.

Tiyerekeze kuti yanu imaloledwa 180 kg. Inuyo mutavala helemeti, jekete ndi jombo mukulemera 85, mabokosi awiri ndi zitsulo zake atenga 12, zatsala 83, mukuona ngati ndi zambiri eti? Kwezani munthu wa 70 kg kumbuyo muone, zatsala 13 basi za anthu awiri, madzi akumwa tisanawawerengere n'komwe, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi yathunthu. Kaliyala ya kumbuyo nayo ili ndi malire akeake olembedwa pa kasitika, zambiri ndi 5 kg, zina 10, ndipo anthu amangounjikapo mpaka felemu ya kumbuyo kuthyoka pa msewu wa mabampu. Ine ndikakhala ndekha ulendo wa usiku umodzi kapena uwiri ndimayesetsa kuti katundu yense wa kampingi asapose 20 kg.

Chachiwiri, usiku woyamba ukhale pafupi

Sankhani malo oti mukhoza kubwerera kunyumba pa ola limodzi zinthu zikavuta, malo a kampingi ovomerezeka okhala ndi madzi ndi chimbudzi, pa nyengo yoti kulibe mvula yamphamvu kapena chisanu choopsa. Usiku umodzi wokha. Zomwe mungabwereke bwerekani, chifukwa musanagonepo panja simungadziwe kuti thupi lanu limavutika ndi chani, wina amamva kuzizira msanga, wina ndi msana, wina sagona popanda pilo. Usiku umenewo ukuuzani zoti mugule kuposa mavidiyo onse a pa YouTube.

Chachitatu, zogonera, ndipo apa ndikhalitsapo

Ulendo wanga woyamba ndinatenga sleeping bag (thumba lofunda logonamo) yabwino ndithu, pansi ndinangoyala kabulangete kopyapyala poganiza kuti zikwanira. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinadzuka chiuno ndi phewa zili zii ngati ndagona pa simenti yonyowa, pamwamba pakutentha bwinobwino koma mbali yomwe yagunda pansi ikuzizira mpaka m'mafupa, ndikatembenuka mbali inayo imayambanso. Kunacha ndili maso, ndipo m'mawa mwake ndinayendetsa njinga maso akulemera, pena kuona mzere wa pamsewu ngati iwiri. Zimenezo n'zoopsa, kusagona pa njinga yamoto kumapha. Chimachitika n'chakuti nthaka imakoka kutentha kwa thupi, ndipo sleeping bag mbali yomwe mwaigonera imaphwatalala, mpweya womwe umasunga kutentha umathawamo, nde imangokhala kansalu chabe.

Choncho kamatilesi ka pansi ndiko koyamba kugula. Yang'anani nambala yotchedwa R-value, imasonyeza mmene kamatchingira kuzizira kochokera pansi. Kuyambira 2020 makampani akuluakulu ambiri amayeza ndi muyezo umodzi wa ASTM F3340, ndiye manambala awo mukhoza kuwafananitsa. Wa 1 mpaka 2 ndi wa usiku wotentha, 2 mpaka 4 umakwana nyengo zambiri, kuposa 4 ndi wa kozizira kwenikweni. Ka siponji yolimba kopindapinda kaja kamakhala cha pa 2, sikaphulika olo mukayale pa minga, vuto lake ndi kukula, kamatenga malo pa njinga ngakhale n'kopepuka. Kopopa mpweya kamapindika n'kukhala ngati botolo la madzi, n'kofewa, koma kakabooka mwagona pansi, nde tizigamba take tisamasiyane nako. Mukasanjikiza tiwiri manambala aja amaphatikizana, 2 ndi 3 akhala 5.

Sleeping bag nayo ili ndi kamsampha. Zoyezedwa ndi muyezo wa ISO 23537, womwe unalowa m'malo mwa EN 13537, zimalembedwa manambala atatu a madigiri a kuzizira, comfort, limit ndi extreme. Ogulitsa amakonda kuonetsa yotsikitsitsayo ndi zilembo zazikulu, koma extreme ikutanthauza kuti mwina simufa, kugona ayi. Inu yang'anani comfort basi, yomwe ndi kuzizira komwe mungagone bwinobwino, ndipo ikhale yotsikirapo ndi madigiri 5 kuposa kuzizira komwe mukuyembekezera. Kumbukiraninso kuti mukamakwera mapiri kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1000 aliwonse, ndiye mukhoza kunyamuka kuchigwa thukuta lili kamukamu n'kukagona pamalo poti mpweya wa m'kamwa ukuoneka. Ya nthenga za bakha kapena tsekwe ndi yopepuka ndipo imafinyika kukhala kakang'ono, zomwe pa njinga ndi mwayi waukulu, koma ikanyowa yatha ntchito ndipo imachedwa kuuma. Ya ulusi wa sinthetiki ndi yayikulupo koma imapirira chinyezi ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. Kwa woyamba kumene ine ndinganene sinthetiki.

Tsopano tenti ija. Ngati muli nokha tengani ya anthu awiri, chifukwa helemeti, jekete, jombo ndi zikwama zikufuna pogona nazonso, ndipo ya munthu mmodzi mungodzipanikiza. Ikhale yoima yokha popanda zikhomo, zija zokhala ngati mphika wovundikira, chifukwa tsiku lina mudzapeza nthaka yolimba kapena mchenga woti chikhomo sichigwira. Ikhale ya nsalu ziwiri, yamkati ya neti yotchinga udzudzu ndi yakunja ya mvula, apo ayi mpweya wanu womwe umasanduka madontho usiku n'kumakugwerani kumaso. Pa nsalu yakunjayo pamalembedwa nambala ya mamilimita yosonyeza mmene imakanira madzi, isatsike pa 1500 mm, ndipo yapansi bola 3000 mm kupita m'mwamba. Kakhonde ka pakhomo n'kofunika, ndi momwe mumasiya jombo zamatope.

Chomwe ambiri amaiwala ndi kutalika kwa timitengo ta tenti tikapindidwa. Yezani mkati mwa bokosi kapena chikwama chanu musanagule, ta masentimita 40 mpaka 45 timalowa m'mabokosi ambiri, totalika kuposa apo tidzakhala topingasa pampando. Ta aluminiyamu timalimba kuposa ta fibreglass tomwe timang'aluka mphepo ikakula. Alipo matenti okhala ndi garaja yoimikamo njinga, ndi okongola zedi, koma amalemera 5 kapena 6 kg, ndipo njinga yomwe yayenda pa mvula tsiku lonse siidwala chifukwa yagona panja.

Mukaigula imangeni pakhomo kawiri, kachiwiriko kutada muli ndi tochi yokha.

Chachinayi, zikwama

Mabokosi a aluminiyamu amakiyidwa, salowa madzi msanga, mukhoza kukhalirapo pa kampu, koma ndi olemera ndipo mukagwa pa mchenga kapena matope akhoza kukupanani mwendo. Zikwama zofewa zopachika uku ndi uku n'zopepuka ndipo mukagwa zimangofwamphuka, koma wakuba amangodula ndi mpeni, komanso zimafuna chotchinga kuti zisagunde ekizozi. Ndinaonapo chikwama cha mnzanga chitasungunuka pansi, pabowoka ngati pomwe padutsa khasu, jekete la mvula lomwe linali mkatimo litamatirira pa chitsulo. Poyamba simukufunika zonsezi, chikwama chimodzi chosalowa madzi cha malita 40 mpaka 50, chija chotseka mopinda kukamwa, chomangidwa pampando wa kumbuyo, chikwana usiku umodzi. Pindani kukamwako katatu musanatseke, kawiri madzi amalowa. Kachikwama ka pa thanki ndi ka foni, mapepala ndi ndalama, koma ngati thanki yanu ndi ya pulasitiki ka maginito sikagwira, tengani ka malamba.

Chachisanu, moto, madzi ndi zina zing'onozing'ono

Kasitovu kosavuta ndi ka gasi, kaja kopotokolera pamwamba pa kachitini, kuyatsa kwake ndi kamodzinkamodzi. Kachitini ka 230 g kamakwana munthu mmodzi masiku angapo. Ngati mukupita kozizira sankhani gasi wosakaniza ndi propane, chifukwa gasi wa butane payekha amaleka kutuluka bwino kukazizira kufika cha pa madigiri 0. Opita maulendo atali kumadera komwe tizitini timeneti sitipezeka amakonda masitovu oyaka ndi petulo ngati MSR WhisperLite International, poti mafuta ake ndi omwewo a njinga, koma amafuna kupopa, amada mwaye, ndipo amafuna kuwazolowera. Ka Trangia ka ku Sweden kamayaka ndi sipiriti, kalibe choti chiwonongeke, kungoti kamachedwa. Mulimonsemo musaphikire mkati mwa tenti olo mvula ikugwa bwanji, nsalu zija zimayaka ngati pepala, ndipo moto pamalo otsekeka umatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka, wosanunkha, womwe umapha munthu ali mtulo.

Kapoto kamodzi, supuni, kapu, mpeni, machesi ndi laitala zonse ziwiri. Chakudya chikhale chosachedwa kupsa komanso chosawonongeka ndi kutentha, ndipo muguleni chakumapeto kwa ulendo kusiyana n'kuchisenza tsiku lonse. Madzi malita 3 kapena 4 a usiku ndi m'mawa ngati komwe mukupitako kulibe mpopi. A mumtsinje awiritseni abwadamuke mphindi imodzi yathunthu, ndipo mukakhala pamwamba kuposa mamita 2000 mphindi zitatu.

Zovala musachulutse, zomwe mwavala pokwera ndi zina zouma zosinthira madzulo, masokosi apadera ogonera omwe satuluka panja, chipewa chaubweya, ndi tinsapato topepuka kuti mapazi apume. Za thonje zikanyowa ndi thukuta zimazizira ndipo siziuma msanga. Tochi ikhale ya pamutu kuti manja onse agwire ntchito. Foni muzitchaja pa njinga injini ikulira muli paulendo, usiku gwiritsani power bank, batire la njinga ndi laling'ono ndipo kulikama usiku wonse ndiye kuti m'mawa mukankha. Kabokosi ka mankhwala ndi mabandeji kasasowe.

Chachisanu ndi chimodzi, zida za njinga

Dziwani kaye ngati matayala anu ali ndi chubu kapena ayi. Opanda chubu amafuna timapulagi tija tooneka ngati nyongolotsi ndi chobayira chake, okhala ndi chubu, omwe nthawi zambiri ndi a masipoko, amafuna zitsulo zochotsera tayala, zigamba, guluu, chubu chapadera ndi masipanala omasulira wilo. Onsewo amafuna pampu. Onjezani mafyuzi, oyilo wa tcheni, pulayazi, tepi yolimba ndi timalamba ta pulasitiki tomangira mawaya. Njira yabwino yodziwira masipanala oti mutenge ndi kukonza njinga yanu kunyumba pogwiritsa ntchito okhawo omwe mudzanyamule, mukafuna ina yomwe mulibe m'kathumbamo, mwaidziwa. Ndipo yesererani kumata tayala pakhomo, osati kukaphunzirira m'mbali mwa msewu dzuwa likulowa.

Chachisanu ndi chiwiri, kulongedza

Zolemera, monga zida, madzi ndi sitovu, zipite pansi komanso kutsogolo, pafupi ndi pomwe mumakhala, zisapitirire kumbuyo kwa ekiselo ya wilo lakumbuyo. Zopepuka ngati sleeping bag ndi zovala ndizo zikwere pamwamba. Mukaunjika zolemera pamwamba kumchira, tayala lakutsogolo limapepuka ndipo chiwongolero chimayamba kugwedezeka mukathamanga, chinthu choopsa kwambiri. Kumanzere ndi kumanja kulemere mofanana, nyamulani zikwamazo m'manja mumve, kapena ikani pa sikelo. Zovala za mvula ndi mankhwala zikhale pamwamba poti mukhoza kuzitulutsa osamasula zonse. Pamsana panu musabereke chikwama cholemera, chimatopetsa mapewa ndipo mukagwa chimakupotolani.

Pomanga gwiritsani malamba okoka n'kukhoma, kapena aja a ROK Straps omwe mbali ina ndi mphira mbali ina ndi lamba. Zingwe za mphira za ngowe zija sindizikhulupirira, katundu amasuntha nazo ndipo ngowe ikapulumuka imalunjika kumaso. Malegeni amagwira ndithu koma amafumbwa ndi dzuwa n'kuduka osachenjeza. Nsonga iliyonse ya lamba yotsala ipindeni muimange, kansonga kamodzi kolendewera kakakodwa mu tcheni kapena mu wilo, wilolo limaima pompo muli pa liwiro. Onetsetsaninso kuti nyali yakumbuyo, maindiketa ndi nambala sizinabisike.

Mukatha apo njingayo yasintha, nde isintheninso. Pompani matayala mpweya womwe buku likunena pa njinga yosenza katundu, ndipo muyeze matayala ali ozizira. Limbitsani sipuling'i ya shoko ya kumbuyo (amati preload) kuti isakhale pansi, chifukwa kumbuyo kukatsika nyali yakutsogolo imaloza kumwamba n'kumathobwa anzanu m'maso, pokhota njinga imakhala yaulesi. Onani kulimba kwa tcheni katundu ali pomwepo. Kenako zungulirani nayo pafupi, mangani mabuleki mwamphamvu pamalo opanda magalimoto mumve kuti ikutenga mtunda wotalika bwanji kuti iime, yesani kukhota pang'onopang'ono, yesaninso kukwera ndi kutsika poti mwendo sungadutsenso kumbuyo ngati kale. Tsiku la ulendo imani mukayenda makilomita 15 kapena 20 mukokenso malamba onse, amakhala atakhwefuka, nthawi zonse.

Chachisanu ndi chitatu, kufika pamalo

Fikani kudakali maola awiri dzuwa lisanalowe. Ngati si malo a kampingi ovomerezeka pemphani kwa eni malo, ndipo dziwani malamulo a dziko lomwe mulilo poti amasiyana kwambiri. Ku Sweden munthu amaloledwa kumanga tenti usiku umodzi kapena uwiri m'tchire, koma kulowetsa njinga yamoto kunja kwa msewu n'koletsedwa, ku Scotland nakonso lamulo la 2003 lopatsa anthu ufulu woyenda ndi kugona m'tchire silikhudza zoyendera injini. M'mapaki ambiri a nyama mumagona pokhapo pomwe anakonza.

Musamange tenti m'khwawa louma olo mchenga wake ukhale wofewa bwanji, mvula ikhoza kugwa kumapiri komwe simukuona, madzi n'kukupezani mtulo. Pewani pansi pa mtengo wa nthambi zouma, pewani pa dzenje pomwe madzi angadikhe, yang'anani pansi ngati pali mzere wa nyerere. Khalani mamita 60 kuchokera kumtsinje kapena nyanja, ndipo ngati palibe chimbudzi kumbani kadzenje ka masentimita 15 mpaka 20 kutali ndi madzi, mukatha kwirirani.

Njinga iimikeni ili mu giya wani, pansi pa sitandi ikanipo mwala wafulati, kathabwa kapena chitini chophwanya, chifukwa dothi lomwe likuoneka lolimba madzulo limafewa ndi mame kapena mvula, sitandi n'kumalowa pang'onopang'ono mpaka njinga khuu pakati pa usiku. Ndiye tenti ikhale patali poti olo igwe isakufikeni, makamaka mbali ya kumanzere komwe imatsamira. Musaimike ekizozi yotentha pa udzu wouma wautali. Chotsani timiyala ndi minga pomwe muyale tenti, khomo lifulatire mphepo, zikhomo zilowe mopendekera kutali ndi tenti, ndipo timawindo ta mpweya tisiyeni totsegula ngakhale kukuzizira. Helemeti ilowe mkati, mukaisiya pansi panja mudzaipeza muli nyerere. Chakudya chisagone nanu mu tenti, chimaitana makoswe ndi zina zazikulupo, ndipo kumadera a zimbalangondo ngati mapaki ena a ku United States amachita kulamula kuti chisungidwe m'zitini zapadera. Kiyi wa njinga ndi tochi zikhale malo amodzi omwewo usiku uliwonse, ine ndimaika m'kathumba ka m'mbali mwa tenti kumutu.

M'mawa gwedezani jombo mozondotsa musanalowetse phazi, zinkhanira ndi akangaude amakonda mmenemo. Ngati munakoleza moto thiranipo madzi mpaka phulusa lizizire loti mukhoza kuligwira, zinyalala zonse zikwere njinga.

Mukafika kunyumba

Tulutsani tenti tsiku lomwelo muiyanike mpaka iume gwaa olo ikuoneka youma kale, ikasungidwa ndi kachinyezi imachita nkhungu, imanunkha, ndipo mankhwala otchinga madzi aja amayamba kusupuka. Sleeping bag musaisunge yofinyidwa m'kathumba kake, ipachikeni kapena ikani m'thumba lalikulu, kamatilesi kopopa nako kasungeni valavu ili yotsegula. Kenako khuthulani zonse pansi muziike milu itatu, zomwe munagwiritsa ntchito, zomwe simunazikhudze, ndi pepala lolembapo zomwe munazisowa. Mulu wachiwiriwo usadzakwerenso njinga ulendo wotsatira, kupatula mankhwala, zida zokonzera tayala ndi zovala za mvula, zimenezo zimabwerera m'chikwama olo zikhale zaka osazitsegula.